TILIPIRE MADZI, KOMA WOSAUKA ASATSEKEREDWE POMPI

Pa misonkhano ya m'mawadi, pa misika ndi pa mabwalo a mafumu m'maboma a Petauke ndi Nyimba, nkhani imene siikucoka pakamwa pa anthu ndi ya mtengo wa madzi. Wokhala m'tauni akudandaula kuti bilu ya pamwezi yayamba kudya ndalama ya ndiwo. Wokhala m'komboni akuwerenga zigubu zimene banja lake limatunga pa kiyosiki, naona kuti pofika kumapeto kwa mwezi nayenso walipira ndalama yooneka. Wa kumudzi akufunsa cifukwa cimene komiti ikumuumirizira copereka ca mjigo, pamene mjigowo unakumbidwa ndi Boma.

Madandaulo amenewa ndi oona ndipo nyuzipepala ino siikuwapeputsa. Koma mtundu umene ufuna citukuko suyenera kulekezera pa kudandaula. Uyenera kudziwa kumene mtengo ukucokera, amene amauika, ndi cimene munthu wamba angacite nawo. Maganizo athu pa nkhaniyi ali patatu. Coyamba, madzi a m'paipi ayenera kulipiridwa ndi aliyense amene angathe. Caciwiri, wolandira ndalamazo ayenera kuonetsa nchito yake poyera. Cacitatu, palibe nkhalamba, mwana wamasiye kapena wolumala amene ayenera kubwezedwa ku citsime ca m'dambo cifukwa ca kusowa ngwee.

MTENGO UCOKERA KUTI

Ambiri amati madzi ndi mphatso ya Mulungu, nanga munthu agulitsa bwanji cimene sanalenge? Funsoli ndi lomveka. Mvula sigulidwa, ndipo madzi a mu Luangwa palibe anawaikapo mtengo. Cimene timalipira ndi ulendo wa madziwo kucokera kumene ali kufika pakhomo pathu ali oyera.

Petauke ndi Nyimba ndi matauni odalira kwambiri madzi a pansi pa nthaka. Kuti madzi amenewa atuluke pa pompi, pafunika citsime cakuya, pampu yowakoka, magetsi oyendetsa pampuyo, mankhwala a klorini ophera tizilombo, thanki yapamwamba yowasungira, mapaipi owagawira, mita yowayezera, ndiponso anthu oyang'anira zonsezi usana ndi usiku. Pampu, mita, mankhwala ndi zitsulo zambiri zimagulidwa kunja kwa dziko ndi ndalama zakunja. Pamene Kwacha inafooka mu 2024 mpaka dola imodzi ya ku America inapitirira K27, mtengo wa ciliconse ca izi unakwera. Kuyambira mu December 2021, pamene Boma linacotsa thandizo lake pa mtengo wa mafuta, galimoto yopita kukakonza paipi yophulika inayamba kudya ndalama zambiri kuposa kale.

Kenaka kunagwa cilala. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga anapserera m'minda. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kotero kuti m'miyezi ina ya cakaco magetsi anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku. Pampu yopanda magetsi ndi citsulo cabe. Makampani a madzi m'dziko muno anatsala ndi njira ziwiri: kusiya anthu opanda madzi, kapena kuyatsa majenereta a dizilo amene mtengo wake uposa wa magetsi kutalitali. Pa nthawi yomweyo madzi ogulitsa anacepa, ndalama zolowa zinatsika, ndipo alimi amene zokolola zao zinapsa analephera kulipira. Bala limeneli silipola m'caka cimodzi.

PHUNZIRO LA ZAKA ZAPITAZO

Acikulire akukumbukira nthawi imene madzi a pa boma anali m'manja mwa makhonsolo ndi Dipatimenti ya Madzi, pamene ogwira nchito za Boma okhala m'nyumba za Boma sanali kudziwa n'komwe maonekedwe a bilu. Zinayenda bwino pamene mkuwa unali ndi mtengo. Koma mtengo wa mafuta utakwera mu 1973, ndipo wa mkuwa utagwa mu 1975, thumba la Boma linayamba kuphwa. Ndalama zocepa zimene makhonsolo anali kutolera pa madzi zinali kusakanizidwa ndi ndalama zina, n'kuthera ku malipiro ndi ku nchito zosakhudza madzi. Pampu ikafa inali kukhala miyezi osakonzedwa. Mapaipi oikidwa m'nthawi ya atsamunda anacita dzimbiri m'nthaka popanda wowasintha. Zaka za 1981 mpaka 1990, zimene bungwe la United Nations linazipatula kuti zikhale za madzi akumwa ndi ukhondo, zinatha anthu ambiri a m'Zambia akali kutunga m'mitsinje. Mu 1991 ndi 1992 kolera inapha anthu ambiri m'dziko muno. Akale anati citsime cimadziwika kuya cikaphwa, ndipo ife tinadziwa mtengo weniweni wa madzi aulere pamene mipompi inauma.

Ndi cifukwa cake mu 1994 dziko linakhazikitsa mfundo zatsopano za madzi. Zina mwa mfundozo zinali zakuti wogulitsa madzi asakhale yemweyo woweruza mtengo wake. Kuti nchito ya madzi iperekedwe kwa makhonsolo ndi makampani ao. Kuti pang'onopang'ono ogwiritsa nchito madzi azilipira mtengo wowafikitsira. Ndi kuti Boma liwonjezere ndalama zake pa madzi. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo nambala 28 la madzi ndi ukhondo, limene linabala bungwe la National Water Supply and Sanitation Council, lodziwika kuti NWASCO. Bungweli linayamba nchito mu 2000. Kuno ku Cigawo ca Kum'mawa, kampani ya Eastern Water inatenga nchito ya madzi a m'matauni mu 2009, ndipo lero ikuchedwa Eastern Water and Sanitation Company.

Owerenga athu adziwe cinthu cimodzi cimene ambiri saacidziwa. Kampani imeneyi si ya mzungu wa kutsidya kwa nyanja kapena ya munthu wolemera wa ku Lusaka. Eni ake ndi makhonsolo a m'cigawo cino, ndipo makhonsolo ndi a anthu amene amasankha makhansala. Tsono wokana kulipira bilu akumana citsime cake comwe, ndipo khansala amene safunsa za kayendetsedwe ka kampaniyi akugona pa nchito imene anthu anamtuma.

AMENE AMAIKA MTENGO

Kampani ya madzi ilibe mphamvu yodzuka m'mawa ndi kukweza mtengo. Iyenera kulemba pempho ku NWASCO, kuonetsa ndalama zimene imaononga ndi zimene imalandira, ndiponso kucititsa misonkhano yomva maganizo a anthu m'madera amene imagulitsamo madzi. NWASCO ili ndi mphamvu yovomereza, yocepetsa kapena yokana pempholo, ndipo povomereza imatha kuikapo malamulo akuti kampani iyambe yakonza zakutizakuti. Caka ciliconse bungweli limatulutsa lipoti loyerekeza makampani onse 11 a m'dziko muno: maola amene madzi amatuluka, ukhondo wa madziwo, nyumba zimene zili ndi mita, ndi ndalama zimene zatoleredwa.

Misonkhano yomva maganizo a anthu si mwambo wongokwaniritsa lamulo. Koma kawirikawiri mipando imakhala yopanda anthu, ndipo amene sanapiteko ndiwo amayamba kufuula bilu ikafika. Tikupempha apampando a makomiti a citukuko a m'mawadi, nduna za mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a magulu a amayi kuti msonkhano wotere ukaitanidwa apiteko ndi mafunso olembedwa. Afunse kuti ndalama zowonjezerazo zikagwira nchito yanji, m'komboni iti, ndipo pofika liti. Afunsenso zimene zinalonjezedwa pa kukweza kwapita, ngati zinacitika. Nayo kampani ilengeze misonkhanoyi nthawi ikalipo, pa wailesi za m'deralo ndi m'cinenero ca anthu, Cinsenga ndi Cinyanja, osati pa cipepala ca Cingerezi comatidwa pa citseko ca ofesi.

Mtengo wa madzi a m'nyumba umaikidwa mwa makwerero. Gawo loyamba, la malita 6,000 pa mwezi, limagulitsidwa motsika kuti banja losauka lipeze madzi akumwa, ophikira ndi osamba. Malita 6,000 ndi zigubu 300 za malita 20, ndiko kuti zigubu 10 pa tsiku. Wopitirira pamenepo amalowa m'gawo lokwera, ndipo wothirira kapinga ndi kutsuka galimoto amalipira koposa. Colinga cake n'cakuti wogwiritsa nchito madzi ambiri anyamuleko katundu wa mnzake wocepa mphamvu. Imeneyi ndi nzeru yabwino ndipo iyenera kutetezedwa.

Komabe pali mpata umene wosauka amagweramo. M'makomboni athu pompi imodzi imatumikira mabanja anai kapena asanu a lendi pa pulotu imodzi, kuwonjezapo anansi amene alibe paipi. Mita siidziwa kuti madziwo agawidwa pa mabanja asanu. Imangowerenga kuti nyumba iyi yamwa madzi ambiri, n'kuiika m'gawo lokwera. Motero mabanja osaukitsitsa amalipira lita imodzi pa mtengo wa munthu wolemera, pamene munthu wa malipiro abwino wokhala yekha ndi mkazi wake amatsala m'gawo lotsika. Ici ndi cilema ceniceni, ndipo cithandizo cake cilipo: kuika mita yakeyake pa banja lililonse pamene n'kotheka, kulemba mapulotu a mabanja ambiri m'kaundula wapadera, ndi kuculukitsa makiyosiki. Nkhani imeneyi ifike ku NWASCO kucokera ku Petauke ndi ku Nyimba komwe.

BILU YOKHA SINGAMANGE THANKI

Ena amaganiza kuti ndalama za mabilu ndizo ziyenera kukumba zitsime zatsopano ndi kufikitsa mapaipi ku makomboni atsopano. M'tauni yaing'ono zimenezi sizitheka. Ndalama zotoleredwa pa mwezi zimathera ku magetsi, mankhwala, malipiro ndi kukonza zoonongeka, ndipo nthawi zina sizikwanira ngakhale pa zimenezi. Nchito zikuluzikulu za madzi m'matauni a cigawo cino, kuphatikizapo Petauke ndi Nyimba, zinamangidwa ndi ndalama za Boma pamodzi ndi thandizo la dziko la Germany kupyolera mu banki yake ya citukuko ya KfW. Makiyosiki ambiri a m'makomboni a m'Zambia anamangidwa ndi thumba la Devolution Trust Fund, limene NWASCO inakhazikitsa kuti madzi afike kwa anthu osauka a m'matauni.

Abwenzi akunja amathandiza kumanga, koma sabwera kudzalipira magetsi a mwezi ndi mwezi kapena kudzasintha pampu ikatha. Amayang'ananso ngati cimene anamanga dzulo cikusamalidwa asanapereke ca mawa. Tauni imene anthu ake salipira ndipo mapaipi ake akudontha imadzitsekera yokha khomo la thandizo.

Pakali pano anthu akuculuka. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 13.1 miliyoni m'Zambia, ndipo wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Aliyense woyenda pa mseu wa Great East akuona ndi maso ake nyumba zatsopano zimene zamera ku Nyimba, kumene malonda a nthoci ndi malo opumulirapo a mabasi akoka anthu ambiri, ndi ku Petauke, kumene kwabwera cipatala cacikulu ca Kalindawalo. Paipi imene inayezedwa kuti itumikire mabanja a zaka khumi zapitazo singakwanitse a lero. Khonsolo imene ikugawa mapulotu isanakambirane ndi kampani ya madzi ikubzala mavuto amene adzakolola ndi ana athu.

Pano ndi pamene thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, la CDF, liyenera kulowapo. Thumbali linali K1.6 miliyoni pa dera lililonse mu 2021. Linakwezedwa kufika K25.7 miliyoni mu 2022, K28.3 miliyoni mu 2023, K30.6 miliyoni mu 2024 ndi K36.1 miliyoni mu 2025. Zopempha zimayambira ku makomiti a m'mawadi, ndiko kuti kwa anthu eni ake. Wadi imene ikusowa madzi iike madzi patsogolo pa mndandanda wake: kutalikitsa paipi kufika ku komboni yatsopano, kumanga kiyosiki, kapena kuika pampu yoyendera dzuwa pa citsime ca pa sukulu ndi pa kiliniki. Cilala ca 2024 cinatiphunzitsa kuti pampu yodalira magetsi a ku Kariba okha imaima pa nthawi imene ifunika koposa, pamene dzuwa la m'cigwa ca Luangwa silisowa. Koma nchito yotere icitike mogwirizana ndi akatswiri a madzi, ndipo pasanakumbidwe dzenje pakhale pangano la amene adzaisamalira.

NAYO KAMPANI ILI NDI NGONGOLE KWA ANTHU

Sitingauze anthu kuti alipire popanda kuuza wolandira ndalama udindo wake. Malipoti a NWASCO akhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti m'dziko lonse pafupifupi theka la madzi amene makampani amapopa ndi kuthira mankhwala sabweretsa ndalama. Ena amatayika m'mapaipi ophulika, ena amabedwa, ena sawerengedwa cifukwa ca mita zakufa kapena kusowa kwa mita. Muyezo umene NWASCO inaika ndi wakuti otayika asapitirire 25 pa 100 iliyonse. Madzi otayikawo anadya magetsi ndi klorini mofanana ndi amene anafika pa pompi, ndipo amene amawalipira pomaliza ndi munthu wokhulupirika uja amene sanaphonyepo mwezi. Kampani iliyonse yopempha kukweza mtengo iyambe yaonetsa zimene yacita potseka mabowo amenewa. Kuthira madzi m'mtsuko wobooka n'kumapempha wina kuti awonjezere si nzeru.

Munthu wolipira ali ndi ufulu wolandira bilu yocokera pa zimene mita yawerengadi, wodziwitsidwa nthawi imene madzi adzatsekedwa cifukwa ca kukonza, wocenjezedwa asanamdulire, ndi woyankhidwa akapereka dandaulo. Dandaulo likapanda kumveka ku ofesi ya kampani, khomo la NWASCO lili lotsegula. Kuyambira mu 2002 bungweli lakhala likugwira nchito ndi magulu a anthu odzipereka ochedwa Water Watch Groups, amene amamva madandaulo a ogula madzi ndi kuwafikitsa kwa akuluakulu. Anthu a kwathu kuno aphunzire kugwiritsa nchito njira zimenezi, m'malo molalatira mnyamata wowerenga mita amene saika mtengo.

Pali wangongole winanso amene tiyenera kumchula mosabisa. Kwa zaka zambiri maofesi ndi mabungwe a Boma akhala pakati pa amene ali ndi ngongole zazikulu ku makampani a madzi m'dziko muno. N'kosayenera kuti mayi wogulitsa tomato adulidwe madzi cifukwa ca ngongole ya miyezi iwiri pamene ofesi yaikulu ili ndi ngongole ya zaka. Akulu a madipatimenti aike bilu ya madzi patsogolo pa ndalama za maulendo ndi za misonkhano. Boma likapereka citsanzo, mau ake ouza anthu kuti alipire adzakhala ndi mphamvu.

THANDIZO KWA OVUTIKA

Pa 28 July 2010 msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza kuti madzi abwino ndi ukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense. Akatswiri a bungweli amalangiza kuti banja lisaononge pa madzi ndalama zopitirira 3 pa 100 iliyonse ya zimene limapeza. Banja lopeza K1,000 pa mwezi, tsono, siliyenera kupitirira K30. Aliyense wodziwa makomboni athu akudziwa kuti alipo mabanja ambiri amene sapeza ngakhale K1,000 imeneyo, makamaka m'miyezi ya January ndi February pamene nkhokwe zapepuka.

Banja likadulidwa madzi silileka kumwa. Limapita ku citsime cosaya ca pafupi ndi cimbudzi, kapena ku mtsinje kumene ng'ombe zimamwera, ndipo mwana wamkazi ndiye amasiya sukulu kukatunga. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu a dziko lonse, amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024, anatsegulidwa pa 12 February. Ndalama zimene dziko linaononga pa mliri umenewo zikanalipira madzi a mabanja osauka ambirimbiri. Kolera siyang'ana amene analipira bilu. Ikalowa m'komboni imafika ndi ku mayadi.

Cifukwa ca ici tikupereka maganizo anai. Loyamba, wangongole amene wabwera yekha ku ofesi kudzafotokoza vuto lake apatsidwe pangano lolipira pang'onopang'ono, ndipo kwa mlimi panganolo litsate nyengo ya zokolola, pamene cimanga, nshawa ndi soya zagulitsidwa. Laciwiri, ndalama yolumikizira paipi, imene ndiyo cipupa cacikulu kwa osauka, igawidwe pa miyezi ingapo. Lacitatu, mtengo wa cigubu pa kiyosiki ulembedwe poonekera ndi zilembo zazikulu, ndipo wogulitsa wowonjezerapo yake acotsedwe. Lacinai, pasakhale kuyamba kalembera watsopano wa osauka, pakuti alipo kale. Thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, limene linayambira ku Kalomo mu 2003, lafika ku mabanja oposa 1 miliyoni m'dziko lonse, ndipo makomiti a m'midzi a Dipatimenti ya Zosamalira Anthu amadziwa nkhalamba, olumala ndi mabanja oyendetsedwa ndi ana m'dera lililonse. Khonsolo, kampani ndi dipatimentiyi akhale pansi agwirizane kuti nyumba zimenezi zisadulidwe madzi nkhani yao isanamveke.

Nalo banja lingadzithandize. Tsekani mipompi yonse ndi kuyang'ana mita. Ikapitiriza kuyenda, paipi ikudontha m'kati mwa pulotu yanu, ndipo madzi odutsa pa mita amalipira mwini nyumba. Pompi yodontha dontho limodzi pa kamphindi imataya cigubu cathunthu ndi kupitirira pa tsiku, pamene kamphira koitsekera n'kotsika mtengo. Lembani nambala ya pa mita tsiku limene wowerenga wabwera, ndipo sungani malisiti onse.

KUMUDZI KULIBE BILU, KOMA MJIGO UMADYA NDALAMA

Owerenga athu ambiri ali m'midzi ya mafumu a Kalindawalo, a Mumbi, a Nyamphande, a Mwanjawanthu, a Ndake, a Luembe, a Nyalugwe ndi a Mwape, kumene paipi ya kampani siifika. Asaganize kuti nkhaniyi ndi ya a m'tauni okha. Boma kapena bungwe lothandiza likakumba mjigo, udindo wousamalira tsiku ndi tsiku umatsala m'manja mwa mudzi kupyolera mu komiti ya madzi ndi ukhondo, imene ambiri amaidziwa kuti V-WASHE. Mphira za m'kati mwa pampu zimatha, cheni cimaduka, ndodo zimacita dzimbiri. Alipo amisiri a mijigo ophunzitsidwa m'madera, ndipo makhonsolo anapatsidwa udindo woona kuti zitsulo zosinthira zikupezeka pa boma. Koma mmisiri sagwira nchito ya ulere ndipo citsulo sicitengedwa pa ngongole.

Mudzi umene umasonkha mjigo ukali wamoyo umaukonza m'masiku owerengeka. Mudzi umene umayamba kusonkha mjigo utafa umatha miyezi ukumwa m'dambo, anthu akulozana zala. Komiti itolere copereka pa nthawi ya zokolola, ilandire ngakhale cimanga kapena nshawa kwa amene alibe ndalama, ilembe zonse m'buku, ndipo iwerenge bukulo pamaso pa mudzi wonse ndi a nyakwawa. Msungicuma akhale munthu wodziwika ndi kukhulupirika, ndipo amayi, amene ndiwo amadziwa kulemera kwa ndowa, akhale ndi mau m'komitimo. Nkhalamba yosowa woithandiza ndi ana amasiye akhululukidwe copereka pa msonkhano wa onse, kuti pasakhale wonena kuti panali kukondera. Makolo athu sanaletsepo mkazi wamasiye kutunga pa citsime ca mudzi, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.

ADANI A MADZI

Pali anthu amene amakweza bilu ya anzao mwakacetecete: wolumikiza paipi usiku, wolambalala mita, wakuba mita ndi zitsulo kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale, ndi wozula mapanelo a dzuwa pa citsime ca sukulu. Amenewa si ocenjera ai, ndi mbala zobera mudzi wonse, ndipo wowabisa ali nao limodzi m'mlandu. Aneneni kwa a nyakwawa, ku kampani ndi ku polisi.

Mdani wina ndi nkhwangwa. Matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa mseu kucokera ku Kacholola kufika ku Petauke ndi mitengo imene inali kugwira mvula kuti ilowe pansi. Phiri likametedwa, madzi amathamanga pamwamba n'kukokolola nthaka, ndipo zitsime zimatsika. Citsime cikatsika pampu imakoka kucokera kutali, magetsi amaculuka, ndipo mtengo wake umabwerera pa bilu. Lamulo la 2011 losamalira madzi a dziko linabala bungwe la WARMA, ndipo kuyambira mu 2018 zitsime zakuya ziyenera kulembetsedwa. Colinga cake n'cakuti madzi a pansi pa nthaka, amene tonse timamwa m'mbale imodzi, asathe cifukwa ca kukumba kopanda dongosolo. Mafumu ndi nduna zao ateteze mitengo ya kumagwero a mitsinje monga momwe amatetezera manda.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Zambia inalonjeza pamodzi ndi maiko ena kuti pofika 2030 munthu aliyense adzakhale ndi madzi abwino. Zaka zatsala zocepa, ndipo lonjezo limeneli silidzakwaniritsidwa ndi zolankhula za pa nsanja. Boma lipitirize kuika ndalama m'zitsime, m'matanki ndi m'mapaipi, ndipo lilipire ngongole za maofesi ake. Kampani itseke podontha, iwerenge mita moona, ndipo imvere wodandaula. Khonsolo iyang'anire kampani yake ndi kugawa mapulotu mwa dongosolo. NWASCO isavomereze ngwee yowonjezera popanda nchito yooneka. Wokhoza kulipira alipire pa nthawi yake, ndipo wosakhoza adziwike, alembedwe, athandizidwe.

Inu atsogoleri a m'midzi ndi a m'mawadi a Petauke ndi Nyimba, tengani nkhaniyi mupite nayo ku misonkhano yanu mwezi uno. Werengani mijigo yakufa m'dera lanu, lembani maina a mabanja ovutika, funsani buku la komiti, ndipo pamene mndandanda wa CDF ukukonzedwa imirirani munene kuti madzi akhale poyamba.